Alendo Oyenda Usiku pa Msewu wa Great East

Aliyense wokhala ku Madzimoyo adziwa kuti msewu wa Great East sugona. Usiku wonse malole amadutsa kucokera ku Mwami kulinga ku Lusaka, ife n'kumati ndi fodya kapena soya. Komatu nthawi zina katunduyo amakhala anthu.

Pa 11 December 2022, ku Ngwerere pafupi ndi Lusaka, kunapezeka mitembo 27 ya amuna itatayidwa m'mbali mwa msewu. Mmodzi yekha ndiye anali kupumabe. Apolisi anati anaoneka kuti ndi a ku Ethiopia. Miyezi iwiri izi zisanacitike, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, m'Malawi, anafukula mitembo 25 m'dzenje limodzi. Mu March 2020 ku Tete, atatsegula kontena ya lole yocokera ku Malawi, anapezamo 64 atafa cifukwa cosowa mpweya, amoyo 14 okha.

Ambiri mwa anyamatawa acokera kumwera kwa Ethiopia, ndipo mtima wao uli ku South Africa kumene abale ao ali ndi timasitolo. Banja limagulitsa ng'ombe, mwina munda umene, kuti lilipire ozembetsa. Kuyambira pa Moyale, kudzera ku Kenya ndi Tanzania, mnyamata amangopatsiranidwa kucoka m'manja awa kunka m'manja awo, kutsekeredwa m'nyumba masiku ambiri osadya mokwanira. Akafooka panjira amamtaya, pakuti ndalama analandira kale.

Nanga lamulo? Pansi pa lamulo la 2008 loletsa malonda a anthu, makhoti athu anapatsa Aitiyopiya ambiri zaka 15 m'ndende pa mlandu wovomera kuzembetsedwa. Taganizani, abale anga: wonyamulidwa ngati thumba la makala ndiye anasenza cilango, pamene eni malondawo kawirikawiri sagwidwa. Mpaka cikhululukiro ca Pulezidenti Edgar Lungu ndico cinatsegula zitseko, ndipo mu January 2017 bungwe la IOM linathandiza 147 kubwerera kwao. Boma liyenera kulonda malire ake, sitikana. Mu December 2022 anatsegula ofesi imodzi ya maiko awiri pa Mwami ndi Mchinji. Koma wozembetsa sadzera pa ofesi, amadzera m'tinjira ta m'minda, motsogozedwa ndi ana athu omwe ofuna ya sopo.

Ife a Kum'mawa tisafulumire kuloza cala. Angoni amene timavina Nc'wala pa Mtenguleni anaoloka Zambezi mu 1835 popanda ciphaso. Pa nkhondo ya ku Mozambique tinalandira zikwi za othawa ku Ukwimi, m'boma la Petauke la masiku amenewo, kufikira anabwerera kwao ca m'ma 1994. Banja Loyera nalonso linalowa m'Ejipito lili kuthawa Herode.

Wopanda mapepala ali nawobe ufulu wake. Ayenera kuonekera pa khoti ndi womasulira wa cilankhulo cimene amva, ndipo wothawa cizunzo sayenera kubwezedwa kumene akaphedwe. Zambia inalowa pangano la maiko la 1951 lonena za othawa kwao mu 1969. Mukampeza wotere ali lefu kuthengo, yambani ndi madzi ndi phala lamadzimadzi pang'onopang'ono, pakuti wanjala ya masiku ambiri nsima imampweteka. Kenaka dziwitsani a mfumu ndi bambo mfumu wa parishi, mupite naye ku cipatala, ndipo a Immigration akampeze kumeneko pali mboni.