Tiike Tokha Chitseko cha Kuchipinda

Chipinda chogona chimafuna chitseko, nsalu yokha siikwanira. Ntchito imeneyi tingaigwire tokha.

Poyamba tiyeze khomo katatu m'lifupi: pamwamba, pakati ndi pansi. Makomo athu sakhala olingana ponseponse. Titenge muyeso waung'ono mwa itatuyo.

Mphuthu iime chilili. Timange kamwala kuchingwe ndi kukalendeweza pambali pa mphuthu. Chingwecho chidzatisonyeza ngati yapendekeka. Pa mphuthu yopendekeka chitseko chimatseguka chokha usiku.

Matabwa akhale ouma bwino. Mlombwa ndiwo wabwino, chiswe sichiudya msanga. Koma thabwa lililonse limafufuma nthawi ya mvula. Chitseko chothina mu Okutobala chidzakana kutsekeka mu Januwale. Choncho tisiye mpata wa mamilimita 3 m'mbali ndi pamwamba, ndi sentimita 1 pansi. Ambiri amaiwala mpata umenewu.

Tsopano tiseme malo a mahinjesi ndi tchizulo. Mnzathu agwire chitseko, pansi pake tiikepo kathabwa. Tiyambe ndi hinjesi yapamwamba. Timange ndi masikuluwu, chifukwa misomali imazuka chitseko chikamatsegulidwa tsiku ndi tsiku. Ngati chikukhula penapake, tichotse chitsekocho ndi kupalapo pang'ono ndi puleni.