Anati Zaka Zisanu, Zinakwana 24

Tikamva wojambula zithunzi akulumbira kuti asanamwalire adzajambula zakutizakuti, ife timakumbuka Edward Curtis wa ku Seattle, m'dziko la America.

M'chaka cha 1906 mkuluyu anagwirizana ndi mpondamatiki J. P. Morgan kuti ajambule mitundu ya anthu amene Azungu anawapeza ku North America. Morgan analonjeza madola 75,000, ndipo Curtis anati atulutsa mabuku 20 pa zaka zisanu, iye osalandirapo malipiro.

Papepala masamuwo ankaoneka bwino. Koma kamera ya masiku amenewo inali chikatundu, zithunzi zambiri zinkajambulidwa pa magalasi osachedwa kusweka, ndipo maulendo anali a ngolo ndi akavalo. Komanso sungafike pamudzi wa eni n'kungoyamba kujambula. Umayamba wakhala nawo mpaka akuzolowere. Ndalama zinatha ntchito idakalipo, moti nthawi ina ankaithera kusaka ogula mabukuwo.

Cholinga anachikwaniritsa ndithu, ndipo pamenepo timuvulire chisoti: zithunzi zoposa 40,000 za mitundu yoposa 80. Koma buku loyamba linatuluka mu 1907, lomaliza mu 1930.

Nanga kunyumba? Mkazi wake, Clara, ankatsala ndi ana anayi kwa miyezi yambirimbiri. Banja linatha mu 1919, ndipo mu 1927 Curtis anamangidwa pa mlandu wosapereka chithandizo kwa mayiyo. Mu 1935 a kampani ya Morgan anagulitsa zotsala za ntchito yonseyo pa madola 1,000. Curtis anamwalira ku Los Angeles mu 1952, ali ndi zaka 84, anthu ambiri atamuiwala.