Pamene Mtima Wafooka, Pakamwa Pasatseke

Amayi anzanga, kodi simunakhalepo m'tchalitchi, nyimbo ili pakamwa koma mtima ukufunsa ngati Mulungu akumvadi? Kapena mwana wadwala nthaŵi yaitali, kapena chimanga chatha m'nkhokwe dzinja lili pakati, kapena banja latha zaka popanda mphatso ndipo apongozi ayamba kulankhula. Ambirife timabisa chikayiko chotere poopa kuti anzathu a ku Mvano kapena ku Chigwirizano angatiyese obwerera m'mbuyo.

Taganizani za Hana, mkazi wa Elikana, m'buku loyamba la Samueli, mutu 1. Iye adalibe mwana, ndipo mkazi mnzake Penina ankamunyodola chaka ndi chaka, kufikira Hana ankalira osadya. Ku Silo adapemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera, kotero kuti wansembe Eli adamuyesa woledzera. Pamenepo Hana adalankhula, naulula chisoni chake chonse, koma osataya Mulungu wake. Adachoka nakadya, nkhope itawala, asanatenge pathupi n'komwe. Samueli adabadwa pambuyo pake.

Mtumwi Paulo, pa Aroma 10:9-10, amaika mtima ndi pakamwa pamodzi. Kuvomereza Ambuye Yesu sikufuna kuti tizinamizira kuti zonse zili bwino. Titchule ululu wathu moona, titchulenso Iye amene tikumdalira.

Tsono mlungu uno, pezani mayi mmodzi wosunga chinsinsi, mumuuze chimene chikukusautsani, mugwade naye. Mutu umodzi susenza denga. Pemphero la mnzanuyo lidzakumbutsa mtima wanu zimene udayamba kuiŵala.