Nsadzu Imamva Kuitana kwa Anthu

M'thengo la ku Nyimba ndi ku Petauke muli mbalame yochedwa nsadzu. Ndi yaing'ono, yotalika masentimita 20 cabe. Nthenga zake ndi zotuwa, koma m'mbali mwa mcira muli zoyera. Munthu akhoza kuipitirira osaiona. Koma anthu ofula uci amaidziwa bwino.

Nsadzu imakonda kudya phula ndi ana a njuci. Vuto ndi lakuti njuci zimamanga zisa zao mkati mwa mphako, m'mitengo ikuluikulu monga mlambe. Nsadzu ilibe nkhwangwa. Ilibenso moto wofukizira njuci. Munthu ali nazo zonsezi, koma sadziwa mtengo umene muli njuci. Conco awiriwa amathandizana.

Nsadzu ikaona munthu, imatera pafupi ndi kuyamba kulira kuti, "Ce-ce-ce-ce!" Kulira kwake kumamveka ngati macesi akugwedezeka m'bokosi. Kenaka imauluka ndi kukatera pa mtengo wina patsogolo. Pamenepo imadikira. Munthu akafika, iyo imaulukanso. Amatsogozana motero, nthawi zina mtunda wautali ndithu. Akafika pafupi ndi njuci, kaliridwe ka nsadzu kamasintha, kapena imangoti cete. Munthu uja amayang'ana m'mwamba.

"Ee, si izo njuci!"

Iye amasonkha moto, amafukiza utsi, amatema mtengo ndi kutapa uci. Nsadzu imadya phula lotsala. Akuluakulu amati munthu akaimana gawo lake, tsiku lina idzamutsogolera kwa njoka kapena mkango.

Anthu ena ofula uci sadikira kuti nsadzu iyambe ndiyo. Amaiitana. Nanga kodi mbalame imamvadi kuti akuiitana? Mwina imangobwera cifukwa yamva phokoso la munthu. Mbalame siyankha mafunso, ndiye munthu angadziwe bwanji zimene zili m'mutu mwake?

Mai wina wophunzira za mbalame, Claire Spottiswoode, anafuna kudziwa zoona zake. Iye wagwira nchito zaka zambiri ku Choma, muno mu Zambia. Koma kuti apeze yankho la funso ili, anapita ku Niassa, kumpoto kwa dziko la Mozambique. Kumeneko Ayao ambiri akali kufula uci mothandizidwa ndi nsadzu. Iwo amaichula kuti sego, ndipo poiitana amati, "Brrr-hm!"

Mai Spottiswoode anajambula mau a mitundu itatu. Oyamba anali "Brrr-hm!" aja. Aciwiri anali mau wamba a Ciyao, monga munthu kuchula dzina lake. Acitatu anali kulira kwa njiwa. Atatero anayenda m'thengo pamodzi ndi ofula uci, atanyamula sipika. Anayenda maulendo 72. Ulendo uliwonse unali wa mphindi 15, ndipo sipika inali kuliza mtundu umodzi wokha wa mau.

Apa mpamene panali nzeru ya maiyo. Nsadzu ikanakhala yongotsata phokoso, bwenzi ikubwera mofanana ku mau onse atatu. Koma sizinatero ai. Pamene sipika inali kuliza mau wamba kapena njiwa, anthuwo anapeza njuci pafupifupi kawiri pa maulendo 10 alionse. Pamene inali kuliza "Brrr-hm!", anapeza njuci kasanu pa maulendo 10. Nsadzu inali kusiyanitsa munthu wongodutsa ndi munthu wofuna uci. Mai Spottiswoode ndi anzake analengeza zimenezi mu 2016.

Panatsala funso lina. Kodi nsadzu imabadwa ikudziwa kale mau amenewa, kapena imacita kuphunzira?

Ku Tanzania kuli anthu ochedwa Ahadza. Naonso amafula uci ndi nsadzu, koma sanena kuti "Brrr-hm!" Iwo amaimba mluzu. Mai Spottiswoode ndi mnzake Brian Wood analiza mau a Ayao ndi mluzu wa Ahadza m'maiko onse awiri. Nsadzu za ku Tanzania zinabwera kwambiri zitamva mluzu. Za ku Mozambique zinabwera kwambiri zitamva "Brrr-hm!" Nkhani imeneyi inamveka mu 2023. Mbalame ndi ya mtundu umodzi, koma kulikonse imaphunzira kaitanidwe ka anthu akumeneko, monga mwana wa ku Petauke amaphunzira Cinsenga.

Codabwitsa ndi cakuti nsadzu siphunzitsidwa ndi amake. Siwadziwa nkomwe! Nsadzu yaikazi simanga cisa. Imaikira dzira m'cisa ca mbalame ina ndi kucoka, basi. Kamwana kamaleredwa ndi eni cisawo, amene sadziwa ciliconse za kutsogolera anthu. Akatswiri amaganiza kuti nsadzu yaing'ono imaphunzira poonerera nsadzu zikuluzikulu pamene zikutsogolera ofula uci.

Masiku ano zinthu zikusintha. Anthu ambiri amagula shuga m'sitolo. Ena amaweta njuci m'ming'oma pafupi ndi mudzi, ndipo safunanso wowatsogolera. Mitengo ikuluikulu ya mphako nayonso ikutha. Wokwera basi pa mseu wa Great East amaona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa mseu. M'madera ena a mu Afirika, kumene anthu analeka kutsata nsadzu, iyo siitananso anthu kawirikawiri monga kale.

M'midzi ya ku Nyimba ndi ku Petauke mukali okalamba amene anatsatako nsadzu ali anyamata. Ena anali kuimba mluzu. Ena anali kugogoda mtengo ndi nkhwangwa. Mwana akhoza kukhala nao pansi madzulo ndi kuwafunsa kuti, "Ambuya, inu munali kuiitana bwanji nsadzu?"