KODI NKOYENERA KULIPIRA MUNTHU WOTIPHUNZITSA KULIMBITSA THUPI?



M'mizinda mwabuka nchito yatsopano imene makolo athu, akadauka lero, sakadaizindikira konse. Munthu amalemba mnzace ganyu, wosati kuti amlimire m'munda kapena kumfolera nyumba iai, koma kuti aime pambali pace ndi kumlamulira kuti, Thamanga, nyamula citsulo ici, njuta, dzuka, bwerezanso. Likatha ola limodzi, amene wakha thukuta ndiye aturutsa ndalama, ndi amene anangoimirira ndiye alandira. Azungu amamucha munthu wotere personal trainer, koma ife tizingoti mphunzitsi wolimbitsa thupi. Ndipo nyumba yocitiramo zimenezi, yodzala ndi zitsulo ndi njinga zopalasa zosacoka pamalo, dzina lace ndi jimu.

Ife a kumudzi tikhoza kuseka, koma mlanduwu wafika kale pakhomo pathu. Pakuti ana athu amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka, ku Johannesburg ndi ku London, ena a iwo ayamba kulipira aphunzitsi otere, ndipo ndalamayo icokera m'thumba lomwelo limene licokera fizi ya ang'ono ao ndi feteleza wa amai ao. Amai akamva, adandaula kuti mwana walowerera. Mwana naye ayankha kuti adokotala ndiwo anamuuza. Tsono tiyeni tiuzenge mlanduwu mosakondera.

Coyamba, mwanayo sanama pamene anena kuti kukhala pampando tsiku lonse kudwalitsa. M'caka ca 1953 dokotala wina wa ku England, dzina lace Jeremy Morris, analengeza zimene anapeza pakati pa anchito a mabasi a mu London. Mabasiwo ndi a nyumba ziwiri, yapansi ndi yapamwamba. Woyendetsa amakhala pampando kuyambira m'mawa kufikira madzulo, pamene kondakitala amakwera ndi kutsika makwerero tsiku lonse potolera ndalama. Onsewo anali a mzinda umodzi ndi a kampani imodzi, koma nthenda ya mtima inali kugwira ndi kupha oyendetsa koposa makondakitala. Ndipo tisayese kuti ndi nthenda za Azungu okha: kafukufuku wa m'Malawi wa caka ca 2009 anaonetsa kuti mwa anthu atatu ali onse a zaka 25 kufikira 64, pafupifupi mmodzi anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene tiicha BP, ndipo ambiri a iwo sanali kudziwa. Mwana wanu wa ku ofesi ndiye woyendetsa basi uja. Ciphunzitso ca Eklezia pa lamulo lacisanu citifunsa kusamala moyo wathu womwe, wosati wa anzathu wokha. Cifukwa cace iye pofuna kulimbitsa thupi sacimwa, acita bwino.

Koma thupi lifuna zocuruka bwanji? Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linalangiza m'caka ca 2020 kuti munthu wamkuru azigwiritsa thupi nchito mphindi 150 kufikira 300 pa sabata, monga kuyenda ndawala. Kapena mphindi 75 kufikira 150 ngati nchitoyo iri yowefutsa, monga kuthamanga. Ndi kuonjezapo zolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Mphindi 150 ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Ndawala yoyenera muidziwa potere: mukhoza kulankhula ndi mnzanu poyenda, koma kuyimba nyimbo simungathe. Mai amene atunga madzi kudambo, nasinja, napita kumunda, watha kale muyeso umenewu dzuwa la Laciwiri lisanalowe. Onani tsono kuti mu zonsezi mulibe cinthu cofuna ndalama. Mseu ngwaulere, ndi miyendo tinapatsidwa.

Nanga mphunzitsi uja agulitsa ciani? Ine ndiona kuti malonda ace ndi awiri: nzeru, ndi kudikira munthu.

Za nzeru tisazipeputse. Ku America anayesa anthu 3,234 amene shuga wao anali atakwera koma nthenda ya shuga isanawagwire kwenikweni, ndipo zotsatira zace zinalengezedwa m'caka ca 2002. Anawagawa patatu. Ena anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala, ena mankhwala ochedwa metformin, ndi ena anapatsidwa ali yense mlangizi wace womphunzitsa kadyedwe ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata, kuti acepetse kulemera kwa thupi ndi makilogalamu 7 pa 100 ali onse. Patapita zaka pafupifupi zitatu, poyerekeza ndi gulu loyamba lija, kugwidwa ndi nthenda kunacepa ndi 31 pa 100 mwa akumwa metformin, koma ndi 58 pa 100 mwa amene anali ndi mlangizi. Munthu anapambana mankhwala. Koma taonani bwino makonzedwe ace: maphunziro enieni anali 16 okha, m'masabata 24 oyamba, pambuyo pace mlangizi anali kungoonana nao mwa apo ndi apo. Ndipo ambiri cimene anali kucita ndico kuyenda pansi basi.

Apa ndipo pagona nkhani. Ife amene tiphunzitsa akatekumeni tidziwa kuti kalasi liri ndi tsiku lace lotsiriza: munthu aphunzira, abatizidwa, nayamba kudziimira yekha m'mapemphero. Mphunzitsi amene wophunzira wace akhalabe m'kalasi zaka zisanu osadziwa kuyamba yekha pemphero la m'mawa, Bambo Mfumu angamfunse mafunso. Comweconso pa thupi. Kunyamula zitsulo kuli ndi luso lace, pakuti wonyamula mopindika msana adzibvulaza, monganso wosenza thumba la cimanga mosadziwa. Ndipo safunsa anadya phula. Koma lusolo siliri lakuya ngati udokotala. Munthu wanzeru zace aliphunzira m'masabata owerengeka.

Malonda aciwiri aja, kudikira munthu, ndiwo amene ambiri amagula osazindikira. Amati mumtima, Ndikalipira ndalama ndidzaumirizika kupita. Akatswiri awiri a za cuma, Stefano DellaVigna ndi Ulrike Malmendier, anawerenga mabuku a majimu atatu a ku America, a mamembala oposa 7,000, nalengeza m'caka ca 2006 kuti anthu olipira madola oposa 70 pa mwezi anali kupita kanai kokha kapena kasanu pa mwezi. Kotero ulendo uli wonse unawadyera madola oposa 17, pamene akadagula tikiti ya maulendo khumi akadalipira madola 10 pa ulendo. Ndalama yolipira kale sidzutsa munthu m'mamawa mwa mwezi wa June. Cimene cimdzutsa ndi manyazi akuti wina waima pacipata alikumdikira. Mphunzitsi acitadi zimenezi, sindikana; koma mnansi acitanso, mlamu acitanso, ndipo iwo safuna malipiro. Mu London momwemo, m'caka ca 2004, Paul Sinton-Hewitt anasonkhanitsa othamanga 13 m'munda wa Bushy Park kuti athamange makilomita 5 Loweruka m'mawa kwaulere. Mwambowo, wochedwa parkrun, unafala m'maiko ambiri, nufika ku Johannesburg m'caka ca 2011. Woyenda pansi alandiridwa monga wothamanga, ndipo palibe colipira. Akristu a mphakati umodzi m'tauni, amene akomana kale sabata ndi sabata kumva Mau a Mulungu, cingawaletse nciani kupangana za kuyenda pamodzi?

Tsopano tiwerenge. Wokomana ndi mphunzitsi kawiri pa sabata caka conse alipira maulendo 104. Wokomana naye kamodzi pa sabata kwa miyezi iwiri, kuti aphunzire, alipira maulendo 8 kapena 9. Akabwererako kamodzi pa miyezi itatu iri yonse kukaonetsa ngati sanasokere, onse pamodzi sapitirira 13. Funsani mtengo wa ulendo umodzi kumene mwana wanu akhala, muucurukitse ndi 104, ndipo muone matumba a feteleza amene alowa m'menemo. Kuweruza kwanga nkotere: njira yaciwiriyo iyenera ndalama yace kwa munthu amene sanayambe wagwirapo citsulo, kapena wanenepa kwambiri ndipo sadziwa poyambira, njira yoyambayo ndi ya munthu amene ana ace adya, fizi walipira, ngongole alibe, ndi makolo ace agona m'nyumba yosadontha. Otere alipo, ndipo sitiwacitira nsanje. Koma wokongola ndalama ya katapira kuti alipire womuwerengera kunjuta, ameneyo wasokoneza dongosolo la cikondi.

Wodwala kale ndiye asayambire kwa mphunzitsi konse. Amene amva kupweteka pacifuwa akayenda, kapena BP yace iri yokwera, kapena anafa ziwalo, kapena anathyoka pfupa, ayambe waonana ndi adokotala. Ndipo zolimbitsa thupi zace amuuze ndi anthu a mafizo, amene anaphunzira nchitoyo zaka zambiri, monga ali pa zipatala zazikuru za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Pakuti m'maiko ambiri, ngakhale ku England ndi ku America, lamulo silifunsa ciphaso ca boma kwa munthu wodzicha mphunzitsi wolimbitsa thupi. Mnyamata wa mikono yotupa akhoza kudzicha conco mawa lomwe. Cifukwa cace mwana wanu amfunse kumene anaphunzira, ndi kuona ngati iye ayamba wafunsa za nthenda ndi zaka za munthu asanampatse citsulo. Akayamba kumgulitsa maufa a m'zitini ndi kulonjeza kuti mimba idzatha m'masabata awiri, acokeko. Akachula za majekeseni kapena mapiritsi otupitsa minofu, ochedwa steroids, athawe ndithu, pakuti amenewo aononga ciwindi ndi mtima. Ndiponso wa pa banja, mwamuna kapena mkazi, asapangane ndi mphunzitsi mobisira mnzace, ngakhale za mtengo ngakhale za malo okomanira.

Kwatsala mau amodzi okhudza ife tomwe. Nchito ya kumunda iri ndi nyengo yace, ndipo agogo amene anasiya khasu akhala pamphasa kuyambira m'mawa, miyendo nifooka, tsiku lina nagwa popita kubafa. Ndipo nkhalamba yothyoka pfupa la m'ciuno kawirikawiri siyendanso monga kale. Malangizo aja a 2020 anenanso kuti a zaka 65 ndi kupitirira azicita masiku atatu pa sabata zolimbitsa miyendo ndi zowathandiza kuima osadzandira. Akhale pampando ndi kuimirira, kukhala ndi kuimirira, kakhumi, apume, kenaka agwire khoma ndi dzanja limodzi, naime ndi mwendo umodzi, nasinthe. Mdzukuru wa Sitandade 3 aime pambali ndi kuwerenga mokweza, ndipo akaona agogo acita cizungulire awakhazike pansi msanga.

Ndine wanu mwa Ambuye,
Katekisti