Mabuku awiri a kuchipatala m'thumba la wofuna usilikali

Mnyamata amene ndinakumana naye pa Lirangwe mwezi watha anali ndi mabuku awiri a kuchipatala. Lina linali lakuda ndi thukuta la m'manja, masamba ake opindikapindika, lodzaza ndi zolemba za madokotala kuyambira ali ku pulayimale. Linalo linali latsopano, lopanda chilichonse kupatula dzina lake pachikuto. Tinakhala benchi imodzi pakhonde la golosale, ine ndikudikira minibasi ya ku Blantyre. Nsapato zake zinali zitatha zidendene, chifukwa m'mawa uliwonse amathamanga m'mbali mwa msewu wa M1 kulowera ku Zalewa n'kubwerera dzuwa lisanatenthe.

Akufuna kukhala ofesala m'gulu la asilikali a Malawi Defence Force. MSCE yake ndi yabwino, thupi ndi lolimba, ndipo akamayankhula za koleji ya asilikali ya MAFCO ku Salima maso ake amawala. Atadziwa kuti ndimalemba za umoyo anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, tandiuzani zoona. Ndikapita ndi latsopanoli, adziwa?"

Ndinatsegula buku lakalelo. Tsamba ndi tsamba, mwezi ndi mwezi, dzina la mankhwala linali limodzi: phenobarbitone. Ali ndi matenda a khunyu. Akuti papita chaka ndi miyezi ingapo asanagwe, ndipo maganizo ake ndi oti asiye mapiritsi kutatsala sabata ziwiri kuti akapimidwe, "kuti magazi ayere".

Yankho loona la funso lake ndi lakuti mwina sadziwa, ndipo zimenezo ndi zimene zimandiopsa. Dokotala wopima ofuna usilikali kulikonse amayeza msinkhu ndi kulemera, amamvetsera mtima ndi mapapo, amaona maso, mapazi, mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi. Matenda a khunyu samveka pachifuwa, saoneka pa X-ray, ndipo munthu akakhala kuti sanagwe tsiku limenelo amaoneka ngati wina aliyense. Ngakhale makina a EEG, amene amajambula magetsi a mu ubongo, sapeza kanthu mwa pafupifupi theka la odwala akawapima koyamba. Chida chachikulu chimene dokotala ali nacho pa nthendayi ndi pakamwa pa mwiniwake. Akanama, dokotalayo amasayina pepala ali mumdima.

Koma chimene mnyamatayu sanachiganize ndi chimene chimachitika m'mutu mwake akasiya kapiritsi kaja.

Ubongo uli ndi timaselo tokwana mabiliyoni ambirimbiri totumizirana mauthenga ndi timphamvu ta magetsi. Kuti mauthengawo asasokonekere, thupi limapanga lokha mankhwala a mitundu iwiri: okolezera, amene wamkulu wake amatchedwa glutamate, ndi ozimitsa, amene wamkulu wake ndi GABA. Aliyense amene anawotchapo tchire mu Okutobala akudziwa kuti moto sukhala woopsa ngati walambula bwino m'malire. Mwa munthu wa khunyu malire aja ndi opapatiza, kotero timaselo tingapo tikayaka pamodzi, motowo umalumpha n'kugwira ubongo wonse. Ndi pamene munthu amagwa, kuuma, n'kuyamba kuphupha.

Phenobarbitone amathandiza GABA kugwira ntchito mwamphamvu, ngati kukulitsa malire aja. Munthu akamwa mankhwalawa zaka zambiri, ubongo umazolowera kuti pali wina akuuthandiza kulambula, ndipo umachepetsa khama lake. Tsono ukawachotsa mwadzidzidzi, malire amatsala opapatiza kuposa mmene analili poyamba.

Chonyenga kwambiri ndi chakuti mankhwalawa sachoka msanga m'thupi. Pamatenga masiku 3 kapena 4 kuti theka lake lichoke, masiku ena otero kuti theka la otsalawo lichoke, n'kumapita choncho. Ndiye sabata yoyamba munthu amamva bwino, mwina kuposa kale, chifukwa tulo tija mankhwalawa amabweretsa tachepa. Amadziuza kuti wachira. Amathamanga, amapimidwa, amapambana. Pofika sabata yachitatu mankhwala atheratu, ndipo kugwa kumene kumabwera pamenepo kukhoza kukhala koopsa kuposa kulikonse kumene anagwapo: kuphupha kopitirira mphindi 5, kapena kugwa mobwerezabwereza osatsitsimuka pakati. Kumeneko kumapha, ndipo amene wapulumuka ubongo ukhoza kuvulala osabwereranso mwakale.

Tsopano muikeni munthu ameneyu pa maphunziro a usilikali ku Salima, kumene dzuwa la kunyanja limawotcha ngati ng'anjo. Pa zinthu zonse zimene zimautsa khunyu, kusagona kuli m'gulu la zamphamvu kwambiri. Madokotala amachidziwa bwino chimenechi, moti akafuna kuti nthendayi ionekere pa EEG nthawi zina amauza wodwala kuti achezere usiku wonse asanabwere kudzapimidwa. Chimene chipatala chimachita dala kamodzi, pali anamwino ndi mankhwala pafupi, maphunziro a usilikali amachichita mobwerezabwereza: kulondera usiku, kudzutsidwa pakati pa tulo, kuyenda mtunda wautali katundu ali kumsana, kudya mochedwa. Onjezanipo malungo akangobwera ndi kutentha thupi kwake. Kumudzi timadziwa kale kumene odwala khunyu amavulalira, pamoto ndi kumtsinje. Kumaphunziro kuli madzi oti uwoloke, khoma loti ukwere, galimoto yoti uyendetse, ndi mfuti yokhala ndi zipolopolo zenizeni, anzako ali kumanja ndi kumanzere kwako.

Palinso china. Dokotala wa asilikali amene sakudziwa mbiri yako akhoza kukupatsa mankhwala amene kwa wina ndi abwinobwino koma kwa iwe ndi msampha. Mefloquine, amene ena amamwa popewa malungo, saloledwa kwa munthu wa khunyu. Tramadol, wa ululu uja, akhoza kuutsa kugwa. Wokupatsayo sangakhale ndi mlandu, chifukwa buku lako linali loyera.

Nditamulongosolera zonsezi, mnyamata uja ananena mawu amene ndawamva kambirimbiri ndipo amandiwawa nthawi zonse. Akuti achibale ena anamuuza kuti kugwa kwake ndi za kumudzi, anachita kumulodza anthu ansanje ataona kuti kusukulu akukhoza, ndipo za kumudzi sizilembedwa pa fomu ya boma. Ndatopa nawo maganizo amenewa. Ndi omwewa amene amachititsa kuti mwana akagwa anthu athawe poopa malovu ake, pamene matendawa sapatsirana ngakhale pang'ono. Ndi omwewa amene amaika supuni m'kamwa mwa wodwala n'kumugulula mano. Lero akuphunzitsa mnyamata wanzeru kunamiza dokotala ndi mtima woyera, poganiza kuti sakunama.

Chimene chimayambitsa khunyu mwa ana athu ambiri chinafufuzidwa kuno komwe, pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pa Lirangwe. Kafukufuku amene anatsogolera Dr Gretchen Birbeck, wofalitsidwa mu 2010, anatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo a mu ubongo. Mwa iwo, 12 anadzapezeka ndi khunyu pambuyo pake. Mwa ana anzawo 264 amene sanadwale malungo a mtunduwo, panalibe ngakhale mmodzi. Udzudzu ndi umene unachita zimenezo. Ena nthendayi imawayamba chifukwa chovutika pobadwa, ena atamenyetsa mutu pa ngozi ya njinga yamoto ya kabaza, ena chifukwa cha mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba zimene zimakakhazikika mu ubongo. Nditafunsa mnyamata uja ngati anadwalapo kwambiri ali mwana, anati amayi ake amakamba kuti anakomoka masiku atatu ndi malungo asanayambe sukulu.

Mphekesera inzake ndi ya "ukatha chaka osagwa, wachira". Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse akhoza kukhala osagwa atalandira chithandizo choyenera. Kusagwako kumatanthauza kuti mankhwala akugwira ntchito. N'zoona kuti ena amadzasiyitsidwa mankhwala, koma dokotala amayamba kuganizira zimenezo munthu akatha zaka zosachepera 2 osagwa, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi, akumuyang'anira. Za madzi a mandimu, adyo ndi mkaka zimene anyamata amauzana kuti zimayeretsa thupi usiku woti mawa akapimidwa, sinditayirapo nthawi.

Sindinamunamize kuti kunena zoona kumupezetsa malo. Magulu ankhondo ambiri padziko salandira munthu amene akumwabe mankhwala a khunyu, ndipo n'kutheka kuti iyenso abwezedwa. Ndikudziwa kuwawa kwake. Aliyense amene anaonapo chinamtindi cha achinyamata pa tsiku lolemba asilikali akudziwa kuti ambiri akuthawa ulova, ndipo kumbuyo kwa aliyense kuli banja limene laika chiyembekezo chonse pa yunifolomu imodzi.

Chondimvetsa chisoni n'chakuti ambiri amabisa ngakhale zimene dokotala akanangozipima n'kuona kuti zinatha: TB imene anamaliza mankhwala ake a miyezi 6, mkono umene unathyoka n'kulumikizika, opaleshoni yakale, kapena kukomoka kamodzi ali khanda chifukwa cha kutentha thupi, kumene ana ambiri amakusiya akamakula osadwala khunyu. Chipsera cha opaleshoni sichibisika ukavula malaya. Dokotala akachiona pamene fomu ikuti sunagonekedwepo m'chipatala, amayamba kukayikira mzere uliwonse umene walemba. Ndipo m'magulu ankhondo ambiri kunama polembedwa ntchito ndi mlandu umene umachotsetsa munthu ngakhale patapita zaka.

Kwa wofuna kukhala ofesala nkhaniyi imalemera kwambiri. Akamaliza maphunziro amapatsidwa asilikali pafupifupi 30 oti aziwalamula, ndipo iwo amapita kumene iye waloza. Tinawaona mu Marichi 2023 akuwoloka matope a namondwe wa Freddy atanyamula anthu. Ku Democratic Republic of Congo, kumene asilikali athu anayamba kumenya nkhondo m'gulu lapadera la United Nations mu 2013, Private Chancy Chitete anafa mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Kumalo otero aliyense amadalira kuti thupi la mnzake lichita zimene mapepala ake ananena. Ofesala akagwa pakati pa kuwomberana, ena amasiya malo awo kuti amunyamule, ndipo otsalawo amakhala opanda wowauza chochita.

Ndinamupempha zinthu ziwiri zokha: asasiye mapiritsi, ndipo atenge buku lakalelo akakambirane ndi dokotala amene amamupatsa mankhwala asanalembe fomu iliyonse.

"Ndamva, achimwene," anatero. Kenako anafunsa ngati pali ntchito ina ya boma imene munthu wonga iye angalembedwe. Ndinamuuza kuti ndikudziwa aphunzitsi ndi akalaliki amene amamwa mankhwala omwewo madzulo alionse ndipo ntchito ikuyenda. Sanayankhe. Minibasi itaima kondakitala akukuwa za Lunzu ndi Blantyre, ndinamusiya pa benchi paja mabuku onse awiri ali pamiyendo pake, akuwongola ndi chala tsamba limodzi lopindika la buku lakale lija.