Mwana akamajomba kusukulu: khoti la ana limalowererapo bwanji?

Mwezi wa Febuluwale, pamene sukulu zayamba kumene, ndi nthawinso yothyola fodya m'minda ya ku Chifunde. Ana ena a ku Mualadzi ndi N'sadzu amasiya makope n'kukathandiza kusoka fodya m'zigafa, ena amaweta ng'ombe, ena amatsatira okumba golide. Kujomba kwa sabata imodzi kumasanduka mwezi, kenako mwana amayamba kugona kosadziwika, kumwa kachasu kapena kuba. Makolo ambiri amabisa vutoli poopa kuti akaliulula, mwana wawo amangidwa.

Lamulo la dziko lino silitero. Mwana wosakwana zaka 16 saweruzidwa ngati munthu wamkulu ndipo saponyedwa m'ndende. Nkhani yake imayendera lamulo nambala 8/2008, la pa 15 Julaye 2008, lomwe limapatsa khoti la ana udindo woteteza ndi kuwongolera mwanayo. M'zigawo, ntchitoyi imagwiridwa m'makhoti a boma omwe alipo kale.

Kujomba tsiku limodzi si nkhani ya kukhoti. Lamulo nambala 18/2018 limati mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi 1 mpaka 9, choncho oyamba kukambirana ndi makolo, aphunzitsi, a Conselho de Escola ndi mfumu ya m'mudzi. Khoti limalowererapo khalidwe likafika poika moyo wa mwana pachiswe: kungoyendayenda, kupemphapempha, kuledzera, kapena kuchita zomwe kwa munthu wamkulu zikanakhala mlandu.

Kukhotiko mwana amakhala ndi womuteteza, Curador de Menores, yemwe ndi wa ku Procuradoria. Woweruza asanagamule, amafufuza za pakhomo: mwana akukhala ndi ndani, akudya bwanji, ndani akumutuma kumunda nthawi ya sukulu. Kawirikawiri a Acção Social ndiwo amathandiza pa kafukufukuyu.

Zimene woweruza angalamule zimayambira pa zopepuka. Akhoza kudzudzula mwanayo n'kulemba chidzudzulocho, kapena kumubwezera kwa makolo ndi malangizo oti amuyang'anire. Akhoza kumuletsa kupita kumalo ena, monga omwera mowa. Palinso “liberdade assistida”: mwana amakhala kwawo, koma khoti limatsatira mayendedwe ake. Pakhomo pakakhala posayenera, angaperekedwe ku banja lina lodalirika. Kumutumiza kumalo osungirako ana ofunika kuwongoleredwa ndi njira yomaliza.

Izi zikutanthauza kuti nawonso makolo amafunsidwa. Ngati mwana akujomba chifukwa choti akulu akumugwiritsa ntchito m'chigafa, kapena amupereka kuubusa kuti banja lidzalandire ng'ombe, vuto silili mwa mwana yekha.

Mabanja a m'malire akumbukirenso kuti kumuwolotsa mwana pa Cassacatiza kuti akakhale kwa achibale ku Zambia sikuthetsa vuto, kumangomutayitsa chaka cha sukulu. Ofuna thandizo apite kuofesi ya Acção Social ya boma la Chifunde, kapena aimbe ulere pa 116, Linha Fala Criança. Osowa ndalama za loya amathandizidwa ndi IPAJ.